Sitima yaing'ono pa desiki: tengani rula musanawonjezere njanji

Lero ndikuuzani za ndalama zanga zimene ndinataya ku Limbe chifukwa choiwala rula kunyumba, komanso sayansi imene ine ndi ana a kalabu yathu kuno kwa Nthache tinatolapo pa kutaya kumeneko.

Alamu anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Atabwera kudzadya Khirisimasi anandipatsa katoni yakutha, n'kunena kuti, "Alamu, izi abwana amafuna kutaya, ndiye ndati mwina ana anu a sayansi aja angaphunzirepo kanthu." M'katonimo munali injini imodzi ya sitima yaing'ono ngati chikhatho, mabogi atatu, ndi zidutswa za njanji zimene ukazilumikiza zimapanga mkombero wooneka ngati dzira. Imeneyi ndiyo seti yoyambira, imene anthu okonda sitima zazing'ono padziko lonse amayamba nayo.

Sukulu zitatsegulidwa tinaiyala pa madesiki awiri, tinalumikiza mabatire a tochi asanu ndi atatu, ndipo inayenda. Ana anakuwa ngati timu yagoletsa. Koma pofika Lachitatu lachitatu chidwi chinali chitazirala. Mtsikana wina wa Fomu 2 anandifunsa mosabisa kuti, "Aphunzitsi, ndiye izingozungulira chonchi basi?" Ananena zoona. Sitima imene tonse timaidziwa, ya malasha ija imene timakumana nayo pa msewu wa M6 tikamapita ku Blantyre, simangozungulira. Imachokera ku Moatize ku Mozambique, n'kudutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza, Neno, Balaka ndi Machinga, kenako n'kukalowanso m'Mozambique kupita ku doko la Nacala, ulendo wa makilomita 912.

Nditalandira malipiro ndinapita ku Limbe, ndipo pa mulu wina wa zidole za kaunjika ndinaona thumba la njanji zazing'ono ndi mabogi awiri. Sindinaganize kawiri. Ndinagula, ndinakwera basi, mtima uli mbee. Kufika kusukulu, palibe chidutswa ngakhale chimodzi chimene chinalowana ndi zathu. Chikomekome cha mkuyu. Zinali zokongola ndithu, koma zinali za geji ina.

Geji: muyeso umene umalamula zonse

Geji ndi mpata umene uli pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, poyeza kuchokera m'kati mwa chitsulo china kufika m'kati mwa chinzake. Njanji za kuno ku Malawi, ku Mozambique, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi zambiri za ku South Africa geji yake ndi mamilimita 1,067, ndipo imatchedwa Cape gauge. N'chifukwa chake sitima yochokera ku Moatize imalowa m'dziko lathu osasintha magudumu. Ku Britain, ku America ndi ku China njanji zambiri ndi za mamilimita 1,435. Bogi la kumeneko mutalibweretsa pa Nkaya silingakhale pa njanji yathu, ngakhale litakhala latsopano bwanji.

Sitima zazing'ono nazonso zili ndi mageji ake. Kampani ya ku Germany ya Märklin ndiyo inayamba mu 1891 kugulitsa njanji za zidole za miyeso yokhazikika, kuti munthu akagula seti lero adzathe kuwonjezera zina chaka chamawa. Masiku ano mitundu yotchuka ndi iyi:

N: geji mamilimita 9
HO ndi OO: geji mamilimita 16.5
O: geji mamilimita 32

Titayeza ndi rula tinapeza kuti seti ya alamu anga inali ya 16.5, pamene za ku Limbe zija zinali za 9. Ndikanangoyeza ndisananyamuke, n'kulemba nambalayo pa kapepala, ndalama zanga zikanagula shuga. Lamulo loyamba ndi limeneli: dziwani geji yanu, ilembeni, ndipo chilichonse chimene mukugula kapena kupanga muchiyeze chisanalowe m'thumba.

Sikelo: yomwe ija ya pa mapu

Mu Geography munaphunzira kuti mapu a 1:50,000 amatanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi masentimita 50,000 pansi. Sitima zazing'ono zimatsata nzeru yomweyo. HO ndi 1:87, OO ndi 1:76, ndipo N nthawi zambiri ndi 1:160. Tiyeni tiyese. Gawani 1,435 ndi 87. Mupeza 16.5. Mwaona? Njanji ya HO ndi chithunzi cha njanji yotakata ya ku Ulaya, osati yathu ino.

Nanga tikafuna kupanga sitima ya malasha ya kwathu? Pali njira ziwiri. Yoyamba, tisunge sikelo ya 1:87 n'kugawa 1,067 ndi 87, zimene zitipatsa geji ya mamilimita pafupifupi 12. Yachiwiri, tisunge njanji ya 16.5 imene tili nayo kale, n'kufunsa kuti ikulowa kangati mu 1,067. Yankho ndi pafupifupi 64. Ndiye tikapanga mabogi athu pa sikelo ya 1:64 n'kuwaika pa njanji ya HO, aoneka ngati a kuno. Ku New Zealand, kumene njanji zake ndi za 1,067 ngati zathu, anthu ambiri okonda masewerawa amachita zomwezi.

Sikelo imatiphunzitsanso kudziletsa. Mnyamata wina anati tipange njanji yonse kuchokera ku Moatize mpaka ku Nacala. Ndinamupatsa choko. Makilomita 912 kugawa ndi 87 ndi makilomita oposa 10. Ngakhale gawo latsopano lija la m'Malawi, lochokera ku Kachaso ku Chikwawa kukafika ku Nkaya, limene ndi la makilomita pafupifupi 136, lingafune kilomita imodzi ndi theka. Ku Hamburg ku Germany kuli Miniatur Wunderland, malo amene anatsegulidwa mu 2001 ndipo ali ndi njanji zazing'ono zoposa makilomita 15, koma ife tili ndi madesiki awiri. Choncho sitipanga njanji yonse. Timasankha kachigawo kamodzi, monga siteshoni kapena mlatho, n'kukapanga bwino.

Sitima imakhota bwanji popanda chiwongolero?

Inu amene munapangapo galimoto ya mawaya mukudziwa kuti pokhota, teyala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Pa galimoto ya mawaya palibe vuto, chifukwa teyala lililonse limazungulira palokha. Koma magudumu awiri a sitima ndi omangiriridwa pa ekiselo imodzi. Lina likazungulira kamodzi, linzake nalonso lazungulira kamodzi.

Kusiyana kwa mtundako tingakuwerengere. Pa mkombero wathunthu, chitsulo chakunja chimatalika kuposa cham'kati ndi 2π kuchulukitsa ndi geji. Pa seti yathu ndi 2 × 3.14 × 16.5, amene ndi mamilimita pafupifupi 104, kapena kuti masentimita 10 pa ulendo uliwonse wozungulira. Pa njanji yeniyeni ndi mamita 6.7. Onani kuti radius sinalowemo m'masamuwa. Mkombero ukule kapena uchepe, kusiyanako n'komweko.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimasunga sitima pa njanji ndi mlomo uja umene uli m'kati mwa gudumu. Mlomowo ndi chitetezo chomaliza chabe. Chinsinsi chenicheni n'chakuti gudumu la sitima silofanana ponseponse: ndi lonenepa cha m'kati, pafupi ndi mlomo, n'kumachepa pang'onopang'ono cha kunja. Sitima ikafika pokhota imafuna kupitirira molunjika, monga likunenera lamulo loyamba la Newton. Ikatero magudumu amasunthira pang'ono kunja. Gudumu lakunja limakwera pa mbali yake yonenepa, lam'kati limatsikira pa mbali yake yowonda. Akazungulira kamodzi, lakunja layenda mtunda wautali kuposa linzake, ndipo sitima yakhota yokha.

Musangondikhulupirira. Tengani makapu anayi a pulasitiki ofanana, selotepi, ndi mipini iwiri ya tsache yowongoka. Goneketsani mipiniyo moyandikana ngati njanji, mbali imodzi muikweze pa mabuku. Matani makapu awiri kukamwa ndi kukamwa, kuti pakati pakhale ponenepa. Ena awiriwo muwamate matako ndi matako, kuti pakati pakhale powonda. Gubuduzani. Oyambawo adzagwedezeka uku ndi uku koma adzadzibweza okha pakati mpaka kufika pansi. Achiwiriwo akangopatuka pang'ono adzapitirira kupatuka mpaka kugwa. Ife tinayesa kakhumi, ndipo a matako ndi matako sanafike pansi ngakhale kamodzi.

Pa sitima zazing'ono pali vuto lina. Tinayeza radius ya mkombero wathu n'kupeza masentimita 36. Kuchulukitsa ndi 87 ndi mamita 31 okha, pamene njanji yeniyeni yonyamula katundu wolemera imakhota ndi radius ya mamita mazanamazana. Ndiye kuti makona a seti yoyambira ndi akuthwa kwambiri, ndipo mlomo wa gudumu umagwira ntchito yambiri. Mukaikapo bogi lalitali, lidzagwa. Mukamawonjezera njanji, makona atsopano akhale otakasuka kuposa akale, ndipo musalumikize kona yopita kumanja mwachindunji ndi yopita kumanzere. Ikani kachidutswa kowongoka pakati, kotalika ngati bogi lanu lalitali kwambiri.

Chitunda ndi friction

Ana anafuna mlatho, kuti njanji ina idutse pamwamba pa inzake. Tinasanja makope pansi pa njanji, sitima inayamba kukwera, kenako inangoima magudumu akuzungulira pamalo amodzi.

Chitsulo pa chitsulo sichigwirana kwambiri. Uwu ndi mwayi, chifukwa n'chifukwa chake injini zochepa zimakoka mabogi a malasha oposa 100 pa malo athyathyathya. Koma ndi vutonso, chifukwa pa chitunda injini imaterereka. Mphamvu imene injini ingakoke nayo isanaterereke imadalira zinthu ziwiri: kugwirana kwa gudumu ndi njanji, ndi kulemera kumene kukupanikiza magudumuwo. Ndi F = μN ija ya mu Physics. Tinamata ndalama zachitsulo za K10 zitatu pamwamba pa injini, ndipo inakwera pamene inkakanika. Injini zenizeni zimalemera dala, komanso zimanyamula mchenga umene zimathira pa njanji patsogolo pa magudumu kukakhala mvula kapena mame.

Odziwa masewerawa amalangiza kuti chitunda chisapitirire 2 kapena 3 peresenti. Tikati 2 peresenti ndiye kuti njanji ikukwera masentimita 2 pa masentimita 100 aliwonse. Kuti sitima ya HO idutse pansi pa mlatho pamafunika mpata wa masentimita pafupifupi 8. Gawani 8 ndi 2, muchulukitse ndi 100: pakufunika mamita 4 okwera ndi mamita 4 otsika. Tinayang'ana madesiki athu, tinaseka, mlatho tinausiya kaye. Mukadzaona mmene njanji yeniyeni anaidulira m'mapiri ndi kuikwezera m'zigwa za kuno ku Mwanza ndi ku Neno, dziwani kuti akatswiri ankathawa vuto lomweli.

Magetsi akuchepera kuti?

Seti yathu imayendera magetsi a DC a mavoti 12. Chitsulo chimodzi cha njanji ndi positive, chinacho ndi negative. Magetsi amalowa m'gudumu la mbali ina, amadutsa mu mota, n'kutulukira gudumu la mbali inayo. Magudumu a mbali ziwirizi amalekanitsidwa ndi pulasitiki kuti magetsi asadumphe mota. Mukasinthanitsa mawaya awiri a pa batire, sitima imabwerera m'mbuyo. Injini za malasha zija nazonso magudumu ake amazunguliridwa ndi mamota a magetsi, kungoti magetsiwo zimapanga zokha: injini ya dizilo imazunguza jenereta, jenereta imadyetsa mamota.

Patapita miyezi alamu anatumiza njanji zina za geji yoyenera, nditawalembera nambala ija. Titazilumikiza, sitima inkathamanga pafupi ndi mabatire koma ikafika kutali inkayenda ngati yadwala. Chifukwa chake ndi resistance. Polumikizira paliponse pamawonjezera kakang'ono, makamaka pakakhala fumbi kapena dzimbiri. Tiyerekeze kuti mota ikukoka 0.5 A ndipo zolumikizira zonse pamodzi zafika 4 Ω. Lamulo la Ohm likuti V = IR, ndiye mavoti 2 atayika panjira, mota ikulandira 10 m'malo mwa 12. Mankhwala ake ndi awiri. Pukutani njanji ndi kansalu koyera musanayambe, makamaka m'miyezi ya fumbi. Kenako tengani mawaya ena awiri kuchokera pa batire kupita molunjika ku mbali yakutaliyo, positive ku chitsulo chomwe chija cha positive, negative chimodzimodzi.

Chenjerani ndi short circuit. Msomali ukagwera pa zitsulo zonse ziwiri, magetsi amadutsa mu msomaliwo, mabatire amatentha n'kutha msanga. Zimachitikanso mukapanga njanji yozungulira n'kubwerera pa njira yomwe inachokera, chifukwa chitsulo cha positive chimakakumana ndi cha negative. Lambulani ndi chala pa chithunzi musanalumikize. Ndipo izi mumve bwino: magetsi a m'khoma ndi a mavoti 230 ndipo amapha. Asayandikire njanji yanu. Batire la galimoto kapena la sola nalonso musaligwiritse ntchito popanda fyuzi ndi mphunzitsi, chifukwa likachita short waya amafiira ngati khala. Mabatire a tochi ndi okwanira: lililonse ndi mavoti 1.5, asanu ndi atatu mu series ndi 12.

Chowonjezera choyamba chikhale mphanda

Mukandifunsa chimene muyenera kuwonjezera poyamba pa seti yoyambira, sindinena mabogi. Ndinena mphanda, malo amene njanji imodzi imagawikana pawiri, okhala ndi tizitsulo tiwiri tosuntha tosankha njira.

Njanji ya malasha ija ndi ya mzere umodzi. Sitima yodzaza ikupita ku Nacala, yopanda kanthu ikubwerera ku Moatize. Zimapatukirana bwanji? M'malo ena muli njanji yachiwiri yoyandikana ndi yaikulu, yokhala ndi mphanda kumayambiriro ndi kumapeto. Ina imalowa m'menemo n'kudikira, inzake n'kudutsa. Pa Nkaya m'boma la Balaka mphanda zake ndi zazikulu, chifukwa pamakumana njira ya ku Moatize, ya ku Blantyre, ya ku Salima, ndi ya ku Nayuchi imene inatsegulidwa mu 1970.

Ndi mphanda ziwiri zokha, mkombero wathu unasiya kutopetsa. Panabuka mafunso enieni. Sitima yaitali kwambiri imene tingayendetse ndi ya mabogi angati? Yankho silili pa mphamvu ya injini yokha, koma pa kutalika kwa njanji yodikirira ija. Tikadzapeza injini yachiwiri, tidzaimitsa bwanji imodzi inzake ikuyenda, popeza zonse zili mu parallel pa zitsulo zomwezo? Ana a Fomu 3 anapeza okha: kusiya kampata pa chitsulo chimodzi kumapeto onse a njanji yodikirira, n'kudyetsa chigawocho kudzera pa switchi yakeyake. Mtsikana uja amene anadandaula kuti sitima ikungozungulira ndiye amene tsopano amagwira kope lolemba kuti ndi iti ilowe, ndi iti idikire.

Ngati mulibe alamu a ku Johannesburg

Musati nkhaniyi ndi ya anthu a mwayi. Luso la galimoto ya mawaya ndi lokwanira, bola muwonjezere rula.

Yambani ndi geji. Sankhani mamilimita 32. Gawani 1,067 ndi 32, mupeza kuti sikelo yanu ndi pafupifupi 1:33, ndiye munthu wotalika mamita 1.65 adzakhala wa masentimita 5. Semani kathabwa kokhala ndi mipata iwiri yosiyana mamilimita 32 m'kati mwake. Kathabwa kameneka ndiko kapitawo wanu: poika chidutswa chilichonse cha njanji, kayezeni nako. Njanji pangani ndi nsungwi zong'aluza bwino n'kuzipala, muzimate pa timitengo topingasa, pamwamba pa thabwa kapena katoni yolimba. Magudumu ndi zotsekera mabotolo za pulasitiki zofanana, ndipo kumbuyo kwa chilichonse mumate kachidutswa kozungulira ka katoni kokulirapo pang'ono kuti kakhale mlomo. Milomoyo iyang'ane m'kati, ndipo pakhale kampata ka milimita imodzi kuti isapanikizike. Ekiselo ndi sipoko ya njinga. Mota mungaichotse mu DVD kapena wailesi ya kaseti yakufa, n'kuilumikiza ku ekiselo ndi lastiki. Popeza nsungwi sizidutsa magetsi, mabatire akwere pa injini pomwepo, ndipo kulemera kwawo kukuthandizani pa chitunda.

Yambani ndi mita imodzi yowongoka ndi bogi limodzi. Likayenda kakhumi osagwa, pangani kona. Kona ikatheka, yesani mphanda. Likagwa musalikankhe ndi dzanja n'kupitiriza. Gwadani, diso lifanane ndi njanji, muone pamene gudumu likukwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yesani izi

1. Tiyerekeze kuti bogi lenileni ndi lotalika mamita 12. Lidzatalika bwanji pa sikelo ya 1:87? Nanga mabogi 100 angakwane m'kalasi mwanu?
2. Njanji yanu ya nsungwi ya geji 32 yapanga theka la mkombero. Chitsulo chakunja chatalika kuposa cham'kati ndi mamilimita angati?
3. Muli ndi malo a masentimita 150. Pa chitunda cha 2 peresenti, njanji ingakwere masentimita angati?

Chomaliza. Nambala ya 1,067 ndakupatsani kale, ndiye pasapezeke wina wopita ndi rula ku njanji yeniyeni kukatsimikiza. Kuterera kwa chitsulo pa chitsulo kumene kumathandiza sitima kukoka malasha ndiko kumaichititsanso kuti ikagwira mabuleki ipitirire mtunda wautali isanaime, ndipo woyendetsa alibe chiwongolero choti akuzembeni nacho. Musaike miyala kapena ndalama pa njanji, musamasule chitsulo chilichonse, ndipo muwoloke pa malo owolokera okha. Mukafuna kuwerenga mabogi, imani patali.

Thumba la ku Limbe lija likadali m'kabati ya kalabu. Mwana aliyense watsopano ndimamupatsa chidutswa chimodzi cha m'thumbamo, china cha seti yathu, ndi rula, n'kumuuza kuti andifotokozere chifukwa chake sizikulowana.